Jekete ya a Dzimbiri Inapita Yokha Kumaphunziro

Tsekani mabukuwo, ana inu. Ndikuona kuti pampando wa Gelesomu palibe munthu, ndipo Tiyese wandiuza kuti mnzakeyo wapita kukaonera mpira, wasiya mawu akuti amumverere zimene tiphunzire lero. Chabwino. Tiyese, utchere makutu kawiri, chifukwa lero ndikuuzani kumene kunachokera mwambi wina umene mumaumva kawirikawiri. Ena adzakuuzani kuti ndi wa makolo akalekale. Musalimbane nawo, koma ine ndinalipo.

Mwambi umenewu chiyambi chake chinali chotere.

Pasukulu imene ndinayambira ntchito, uko kuseri kwa mapiri a ku Dedza, panali mphunzitsi wina dzina lake a Dzimbiri. Ankaphunzitsa Chichewa ku Sitandade 8, ndipo kalasi imeneyo ankaiona ngati munda wa malemu bambo awo. Ine ndinali ku Sitandade 1, pansi pa mtengo wa mbawa, ndi ana oti ukawawerenga m'mawa, masana upeza awonjezekera. A Dzimbiri akamadutsa pamtengo wanga ankaima n'kufunsa kuti, "Madamu, zikuyenda bwanji kuno ku ofesi ya mamina?" Ndinkaseka nawo, koma zinkandiwawa, sindikubisirani.

Munthu ameneyu ankakonda zinthu ziwiri kuposa choko. Choyamba chinali bawo. Chachiwiri chinali jekete yawo yofiirira ya mizere yachikasu, imene anaigula pa kaunjika. Jekete yotero inalipo imodzi yokha m'boma lonse, ndipo ankaivala ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Chaka china kunabwera zoti ana a makalasi akuluakulu aziphunzira kulemba nkhani zazifupi zopeka. Kale tinkangowalembetsa chimangirizo ndi kalata yofunsira ntchito, basi. Ahedi anatiitana n'kutiuza kuti Loweruka aphunzitsi onse a Chichewa a Sitandade 8 akasonkhane ku holo ya kumishoni, akaphunzire kaphunzitsidwe kake. Wophunzitsa anali mlangizi watsopano wa sukulu za dera lathu, mayi Mwandira, amene tonse tinali tisanawaonepo.

"Akamaliza kumeneko aziyendera sukulu imodzi imodzi," anatero ahedi. "Amene adzapezeke kuti sakuzitha, Sitandade 8 adzaitula, atsike kumene kuli malo."

Malo otsikirako anali amodzi okha, pansi pa mbawa yanga. A Dzimbiri anandiyang'ana, n'kukonza kolala ya jekete yawo.

Tsoka lake, Loweruka lomwelo pamsika panali mpikisano wa bawo. A Dzimbiri anayenera kukumana ndi telala wina amene anawagonjetsa chaka chinacho, ndipo kuyambira pamenepo akamadutsa pakhonde pake, telalayo ankagwedeza mabatani m'manja ngati nkhomo za bawo. Kumishoni kunali ntchito, kumsika kunali ulemu. A Dzimbiri anaona kuti munthu wanzeru angathe kupezeka konse kuwiri.

Kunyumba kwawo kunali mlendo, mlamu wawo a Lufeyo, mlongo wa akazi awo. A Lufeyo ankagulitsa mbande za maluwa m'machubu m'mbali mwa msewu ku boma. Anali munthu wamfupi, wowonda, wofatsa, ndipo kunama sankakudziwa. Vuto lawo linali limodzi. Makutu awo ankatseguka pokhapokha nkhani ikakhudza dothi.

"Alamu, mawa muli ndi chochita?" anafunsa a Dzimbiri.

"Ayi, kupatula kuthirira timbande tanga."

"Ndiye mukandimverere kumishoni. Palibe chovuta. Mukakhale kumbuyo, mukatseke pakamwa, mukatsegule makutu. Zimene akanene mudzandiuze."

"Nanga akakandifunsa funso? Paja ine sukulu ndinalekezera panjira."

"Mphunzitsi safunsidwa mafunso, alamu, amafunsa ndi iyeyo. Muvale jekete iyi. Akakufunsani dzina mukangoti Dzimbiri."

Akazi awo anali pakhomo akusankha nyemba. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Bambo a Limbani, khasu ndimadziwa kuti amabwereka. Koma khutu, sindinamvepo."

A Dzimbiri anayankha kuti nyemba zili ndi miyala, aziyang'ana kumeneko.

Zimene zinachitika kumishoni ndinazimva kwa eni ake a Lufeyo, pakuti munthu uja sankabisa kanthu. Anafika manja a jekete atapinda kawiri, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi windo. Holo inali yodzaza. Aphunzitsi amene ankaidziwa jekete ija anangogundana zigongono, koma palibe anayankhula.

Mayi Mwandira anaimirira n'kunena kuti nkhani yopeka ili ndi zinthu zingapo, ndipo ayamba ndi chosavuta. "Nkhani iliyonse imachitikira penapake," anatero. "Wowerenga ayenera kuwaona malowo, amve ndi fungo lake lomwe. Tiyeni titulukeko. Tikaime padimba la maluwa la asisitere, aliyense andiuze chimene akuona."

Anatuluka onse. Mphunzitsi wina anati akuona maluwa ofiira. Wina anati akuona maluwa okongola. Apa a Lufeyo anaiwala pangano lija lotseka pakamwa. Ananena za rozi amene masamba ake anali atapsa m'mbali chifukwa chothirira dzuwa lili paliwombo, za kakombo amene anawerama chifukwa cha mthunzi wa khoma, ndi za fungo la manyowa a nkhuku amene anali asanawole.

"Aphunzitsi a jekete, mwatha," anatero mayi Mwandira. "Dzina lanu ndani?"

"Dzimbiri," anayankha a Lufeyo, thukuta lili kamukamu.

Kenako onse anabwerera m'holo. Onse, kupatula a Lufeyo. Iwo anaona rozi wina amene anaduliridwa molakwika, mtima unawawawa, n'kupita kukafunafuna wosamalira dimbalo. Anamupeza kuseri kwa tchalitchi. Anayamba ndi za kudulira, n'kufika pa za chiswe, n'kukathera pa za manyowa. M'holo muja mayi Mwandira anaphunzitsa zonse zotsala, anthu anadya nkhomaliro, anaphunziranso, ndipo a Lufeyo analowa anthu atatsinzina kale, akupemphera pemphero lotsekera. Anabwerera kunyumba matumba a jekete atadzaza ndi timitengo todzala.

Kumsika a Dzimbiri anapambana, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka, chifukwa munthu amene wangopambana kumene safunsa kawiri.

"Ndiye anati chiyani mayiwo?"

"Anati nkhani imachitikira pamalo."

"Zimenezo n'zodziwika. Kenako?"

"Anati wowerenga awaone malowo, amve ndi fungo. Atatero anatitulutsa kupita kumaluwa."

"Kenako?"

"Alamu, kumishoni kuli maluwa." A Lufeyo anasendera pafupi, n'kuyamba kufotokoza duwa limodzi limodzi, mtundu wake, msinkhu wake ndi matenda ake. A Dzimbiri ankangogwedeza mutu uku akutsatira.

"Tsiku lonse zinali za maluwa?"

"Ine mpaka dzuwa kupendeka ndinali kumaluwa. Ndipo anakuyamikirani pagulu. Anati aphunzitsi a jekete mwatha."

Taonani, a Lufeyo sananame ngakhale pamodzi. Funso limene linatsala linali lakuti, nanga enawo anali kuti? Koma a Dzimbiri atamva kuti anayamikiridwa pagulu, mafunso onse anawathera.

Lolemba analowa m'kalasi ali chinyachinya. "Lero tiyamba zamakono," anauza ana. "Nkhani yaifupi ndi malo. Malo abwino ndi a maluwa. Wowerenga aone, anunkhize. Lembani."

Ana analemba. Tsiku lotsatira analembanso. Maluwa onse a deliya a m'mbali mwa njira anathera m'kalasi muja, mpendadzuwa wa m'munda mwa ahedi nawonso unayamba kuduka mitu. A Dzimbiri anapempha alamu awo kuti asafulumire kubwerera ku boma, adzale maluwa kutsogolo kwa Sitandade 8 kuti ana aziona pafupi. A Lufeyo anavomera ndi manja awiri.

M'kalasimo munali mnyamata wina dzina lake Yotamu. Iyeyu analemba za mnyamata amene anagona tulo kubusa, mbuzi n'kulowa m'munda mwa amalume ake aukali, ndipo mnyamatayo ankaopa kubwerera kumudzi. Ndinaiwerenga nkhaniyo pambuyo pake, inali yokoma zedi. A Dzimbiri anamuitana kutsogolo.

"Mbuzi iyi yalowa bwanji muno?"

"Ndi imene yabweretsa vuto, aphunzitsi."

"Ndani wakuuza kuti tikufuna mavuto? Ichotse. Idya maluwa."

"Nanga mnyamatayo?"

"Nayenso achoke, aponda."

"Amalume ake atsale?"

"Atsalire chiyani, mbuzi yapita kale?"

Yotamu anafufuta zonse. Panatsala munda wokha, ndipo anauthira maluwa.

Ine ndinayesa kuwachenjeza, ngakhale kuti mtima wina unkandiuza kuti ndiwasiye. Ndinati, "A Dzimbiri, ine kumishoni sindinapiteko, koma ana anga ndikamawauza nthano mumakhala munthu, ndipo munthuyo amakhala kuti china chake chamuthina. Bwanji mufunseko anzanu a sukulu ya kutsidyaku?"

"Madamu, zimenezo ndi nthano za ana a mamina," anandiyankha. "Izi ndi zamakono. Amene anayamikiridwa pagulu ndi ine kapena a kutsidya?"

Ndinabwerera kumtengo kwanga.

Patapita masabata angapo tinamva njinga yamoto ikukwera chitunda. Anali mayi Mwandira, mzimayi wodekha wa magalasi. Anauza ahedi kuti ayambira dala sukulu yathu chifukwa akufuna kuonera mphunzitsi uja amene anawagometsa kumishoni. Ahedi anasangalala, natiitana aphunzitsi tonse kuti tikaime kumbuyo kwa kalasi, tikatengereko nzeru.

Mayi aja atalowa anayang'ana jekete, n'kumwetulira. Kenako anakweza maso, anayang'ana nkhope, n'kuvula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"A Dzimbiri, mwanenepatu."

"Ndi nyengo ya chimanga chachiwisi, madamu."

"Mwatalikanso."

Pamenepo a Dzimbiri sanapeze mbewu yoinamizira. Anangoseka pang'ono. Mayi Mwandira anakakhala pabenchi yakumbuyo n'kunena kuti phunziro liyambe.

A Dzimbiri anaitana Enelesi, mtsikana amene ankakhoza kuposa onse, kuti awerenge nkhani yake. Enelesi anawerenga bwino, mawu ake omveka. Ananena za dimba lina m'mawa, mame ali pamasamba, duwa loyera litayang'ana kum'mawa, lofiira lili pambali pake, fungo lili guu. Anawerenga tsamba lonse, natembenuza, namaliza linalo. Kenako anakhala pansi.

"Walemba bwino, mwanawe," anatero mayi Mwandira. "Dimbalo ndaliona. Kenako chinachitika n'chiyani?"

"Palibe, madamu."

"Muli ndani m'nkhaniyi?"

"Mulibe munthu, madamu. Anthu amaponda maluwa."

Anafunsa mwana wina, n'kufunsanso wina. Konse kunali maluwa okhaokha. Anatembenukira kwa mwini kalasi.

"A Dzimbiri, zimenezi munazitenga kuti?"

"Kwa inu nomwe, madamu, Loweruka lija."

"Titabwerako kunkhomaliro ndinaphunzitsa chiyani?"

A Dzimbiri anayankha kuti, "Munapitiriza za maluwa, madamu. Makamaka mbali ya manyowa."

Nthawi yomweyo pawindo panadutsa munthu atanyamula kheni yothirira. Anasuzumira, anaona mlendo uja, nkhope yake n'kuwala.

"Madamu, mwatipeza kuno?" anatero a Lufeyo. "Rozi uja wa kumishoni wagwiratu. Mukamapita mumuone."

Ine ndinkayembekeza kuti mayi aja akalipa. Sanakalipe. Anawaitana a Lufeyo kuti alowe, n'kuwapempha kuti afotokoze mmene anapezekera kumishoni. A Lufeyo anaika kheni pansi, anapinda manja mwaulemu, n'kunena zonse: bawo, telala, jekete, ngakhale mawu aja a khasu ndi khutu. A Dzimbiri anali ataima pafupi ndi bolodi, akuyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

Mayi Mwandira anatenga choko. "Ana inu, aphunzitsi anu akuphunzitsani chinthu chimodzi, ndipo mwachigwira. Malo mukuwatha. Zotsalazo tiphunzira pompano, chifukwa nkhani tayimva tonse. Nkhani imeneyi mwini wake ndani?"

Ana anayang'anana, kuopa. Kenako Enelesi ananong'ona kuti, "Aphunzitsi."

"Ameneyo timati mtengambali wamkulu. Nkhani yopanda munthu ndi bwalo lopanda gule. Tsono mtengambali wathuyu ankafuna chiyani?"

Yotamu anaimika dzanja. "Ankafuna bawo, madamu. Ankafunanso Sitandade 8."

"Zikanatheka zonse tsiku limodzi?"

"Ayi, madamu."

"Limenelo ndiye vuto. Munthu afune kanthu, china chake chimutchinge. Popanda zimenezo wowerenga alibe chodikira."

"Ndiye kuti mbuzi yanga ibwerere, madamu?"

Mayi aja sanaidziwe mbuziyo, koma atauzidwa anati ibwerere lero lomwe, pamodzi ndi mnyamata ndi amalume ake. Kenako anawayendetsa ana m'nkhani ija phazi ndi phazi, kuti aone mmene chinthu chimodzi chinaberekera chinzake. Bawo inabereka kutuma, kutuma kunabereka jekete, jekete inabereka kuyamikiridwa, ndipo kuyamikiridwa n'kumene kunabweretsa njinga yamoto pasukulu pathu poyambirira. Anati kumeneko ndiko kuluka nkhani, osati kungounjika zochitika.

"Nanga pampondachimera, pamene zinthu zinafika poti sizingabwererenso, ndi pati?"

Apa ana anali atamasuka. Anayankha onse pamodzi kuti ndi pamene a Lufeyo anasuzumira pawindo. A Lufeyo anagwedeza mutu, kuvomereza.

"Chatsala ndi mathero," anatero mayi Mwandira, n'kuika choko patebulo. "Amenewo sindilemba ine."

Tonse tinatembenukira kwa ahedi. Ahedi anakhosomola, nayang'ana panja kudzera pakhomo.

"Mathero ali pansi pa mbawa," anatero.

M'mawa mwake ine ndinalowa Sitandade 8, a Dzimbiri n'kutsikira kumtengo. Ndikudutsa pamenepo mawu aja a ofesi ya mamina anafika pamlomo penipeni. Ndinawabweza. Ndinangowapatsa kansalu kanga kopukutira mphuno za ana, n'kuwauza kuti kachapidwe Lachisanu lililonse. Chisoni ndinawamvera, koma pang'ono.

Chimene sindinayembekeze ndi ichi. Ana a Sitandade 1 sadziwa ulemu wa jekete. Ukawauza za duwa loyera, wina amayamba kulira, wina kumenya mnzake, wina kuthawira kwawo. Amakhala chete pokhapokha wina m'nkhanimo ali pamavuto, ndipo ukangopuma amafunsa kuti, "Kenako?" A Dzimbiri anavutika nawo mpaka jekete anaivula, n'kuikoleka panthambi. Pofika kumapeto kwa chaka, ndikamadutsa ndinkawapeza ana onse ali duu, kukamwa kuli yasa, bambo aja akusimba za mbuzi imene inalowa m'munda. Zimene anakana kukamva kumishoni anaziphunzira pafumbi, kwa aphunzitsi a mamina.

A Lufeyo anabwerera ku boma, koma dzina lawo linatsala. Ana anayamba kuwatchula kuti a Kandimverere, dzinalo linafika kumsika, telala uja n'kulisokerera bwinobwino, ndipo kuchokera pakhonde pake linayenda dziko lonse. Tsiku lija mayi Mwandira anafunsanso ana kuti phunziro la nkhaniyo n'chiyani, koma belu linalira asanayankhe. Anayankha ndi anthu a kumsika.

Tsono Tiyese, Gelesomu akakufunsa madzulo ano kuti taphunzira chiyani, ndikudziwa kale zimene ukamuuze. Ukamuuza za jekete yofiirira ya mizere yachikasu, chifukwa ndi pamene ndinaona maso ako atatseguka. Za mtengambali, za vuto ndi za pampondachimera zikatsalira panjira. Sindikukudzudzula, mwanawe, khutu lobwereka limatola zimene mwini khutu amakonda. Mawa Gelesomu adzalemba yekha nkhani yake, ndipo ndidzaiwerenga pamaso panu nonse. Ukangomuuza mawu awa okha, akawasunge: Kandimverere anakanena za m'maluwa.